Tsiku lomwe puloti yopanda feteleza inaposa anzake onse

Ndivomere kaye poyamba kuti wolakwa pankhaniyi, ya momwe kusamukira ku Windows 11 kunasokonezera zotsatira za kafukufuku wathu wa kumunda, ndine, asadzapezeke wina akuti ndikunamizira kompyuta. Koma ndailemba chifukwa ndikudziwa kuti ku Lilongwe konkuno tilipo ambiri amene tikudyera pa deta, kaya ndi zaulimi kaya zaumoyo kaya ndi ana asukulu amene akulimbana ndi thesis, ndipo tonse tinalandira kauthenga komweko pa sikirini koti Windows 10 ikutha pa 14 Okutobala 2025.

Ine ntchito yanga ndi ya kumunda ndi ku labu. Tili ndi munda woyeserera mbali ya ku Mitundu umene unayamba 2018, chimanga kusinthana ndi nandolo, soya ndi mtedza, kwina feteleza wokwanira kwina theka kwina osathira olo pang'ono. Matiritimenti 8 (njira zolimira zimene tikuyerekeza), mabuloko 4, mapuloti 32, ndipo puloti iliyonse imakhala pamalo pake pomwepo chaka ndi chaka chifukwa cholinga chake nchoti tione nthaka ikusintha bwanji pakapita zaka. Zokolola tinayeza kale mu Meyi, chimanga tinatonola, tinayanika, manambala ali mu Excel, chinatsala ndi kuwerengera basi kuti lipoti lipite mvula isanagwe.

Nde laputopu yanga ya kuntchito inali imodzi mwa zomwe zinakhoza mayeso olowera Windows 11. Paja Windows 11 siilola aliyense, imafuna zachitetezo zotchedwa TPM 2.0 ndi Secure Boot, RAM yosachepera 4GB, malo 64GB, komanso purosesa ya Intel kuyambira 8th gen kapena Ryzen 2000 kumapita kutsogolo. Ma laputopu ambiri amene timagula mtauni muno ogwiritsidwa kale ntchito ndi a 6th gen, 7th gen, olimba bwinobwino ngati khasu koma akanidwa pakhomo. Yangayi ndi i5 ya 8th gen ndiye ndinkadzimva ngati munthu wa ku Area 10. Lachisanu usiku ndinagula bandulo ya usiku, ndinadina batani lokwezera ku Windows 11 nkukagona. Sindinaganize zoti batire la laputopuyi linafa kalekale moti ukangozula chaja imathima ngati kandulo, ndipo magetsi anapita cha mma 2 koloko apudeti ili pakati. Kutacha ndinapeza kanthu kakungozungulira pa sikirini yakuda, kuzima, kuyaka, kuzunguliranso.

Loweruka ndinakwera minibasi wa ku Old Town kwa mnyamata wina amene amandikonzera zinthu cha ku Malangalanga. Anaiona mphindi zochepa nkuti akulu, apa tingofomata basi, tiike Windows 11 yatsopano yoyera, mafayilo anu ndikutulutsirani kaye. Anatulutsadi onse, palibe fayilo inasowa, pamenepo ndimupatse ulemu wake. Ndinabwerera ku Area 25 ndikumwetulira, makina akuthamanga, ma icon ali pakati ngati foni yodula, mpaka ndinauza mayi akunyumba kuti laputopu yabadwanso. Chikomekome cha mkuyu.

Chimene sindinachiganizire ndi kusiyana kwa kukweza Windows pamwamba pa yakale ndi kufomata. Ukakweza pamwamba mapulogalamu ako amatsala momwe analili ndipo umakhala ndi masiku 10 oti ukhoza kubwerera ku Windows 10 zikakuvuta, yakaleyo imasungidwa mu foda ya Windows.old. Ukafomata palibe kobwerera. Mafayilo ndinali nawo inde, koma nyumba imene mafayilowo ankakhalamo, ndikunena ma driver (timapulogalamu tolumikizitsa kompyuta ndi zipangizo), ma package, ma setting amene ndinakhala ndikugwiragwira kwa zaka 7 osalemba paliponse, yonse inapita ndi madzi.

Lolemba inayamba ndi sikelo. Ku labu tili ndi sikelo imene imatumiza manambala yokha mu kompyuta kuti usamakopere pamanja, ili ndi doko lachikale lija la RS-232 ndiye timailumikiza ndi kakebulo kosinthira ku USB. Kulowetsa kebulo, zii. Mu Device Manager kachizindikiro kachikasu kali ndii. Mkati mwa kakebuloko muli ka chip, ndipo ka chip ka mtundu umenewo driver yake yatsopano imakana Windows 11, yakale imene inali pa ka CD nayonso inatsekeredwa panja ndi chinthu china chotchedwa Memory integrity, chimene pa Windows 11 yongoika kumene chimabwera chili choyatsa kale ndipo ntchito yake ndi kukana ma driver akale osadalirika. Mnzanga wa mu ofesi anati aise ingozimitsa chimenecho, koma ine ndinaona kuti kugwetsa mpanda wonse chifukwa cha nkhuku imodzi ndi zopanda nzeru, bola kugula kebulo ina ya chip ya mtundu wina. Ndinazungulira mashopu anayi ndisanaipeze chifukwa ogulitsa ambiri ukawafunsa za chip amangokuyang'ana nkuti zonse ndi original bwana. Itapezeka Windows inaipatsa dzina la doko loti COM7, pomwe kapulogalamu ka sikeloko kamangodziwa COM1 mpaka COM4, ndiye kulowanso mu Port Settings, Advanced, kusintha nambala pamanja. Masiku awiri anathera pa sikelo. Koma vuto ngati limeneli ine ndimalikonda chifukwa limalira, umadziwa kuti chinthu chafa ndipo sungapitirire usanachikonze.

Apa ndipatuke pang'ono. Anthu ambiri akamafunsa mu magulu a WhatsApp za mapulogalamu owerengera deta amati kodi SPSS imayenda pa Windows 11, kodi Stata imayenda, GenStat nanga. Kawirikawiri yankho ndi eya, pulogalamu yeniyeniyo imatseguka, ngakhale za 32-bit zimayendabe. Chimene chimafa ndi zomwe zili pansi pake. Windows 11 ilipo ya 64-bit yokha, ndiye driver ya 32-bit siilowa zivute zitani, ndipo ma installer akalekale a 16-bit sayamba nkomwe. Kenako pali layisensi. Mapulogalamu ena olipira amamangirira layisensi ku makina amodzi, ukafomata osaimasula kaye amakuona ngati mlendo ndiye uyambe kulemba ma imelo opempha, ndipo akakuuza kuti version yanuyo ndi yakale mugule yatsopano, ndi nkhani ya forex imene tonse tikuidziwayi ukhoza kudikira mpaka chimanga china kucha. A Mac asatiseke, iwonso anaziona 2019 pamene macOS Catalina inasiyiratu mapulogalamu a 32-bit, ndiye 2020 kunabweranso purosesa yatsopano ya M1 anthu nkumadalira Rosetta 2 kuti mapulogalamu akale ayende. A Linux chimodzimodzi, mnzanga wina wa za mapu atakweza kupita ku Ubuntu 24.04 anapeza Python 3.12 imene inachotsa gawo lina lotchedwa distutils komanso pip, choikira ma package, ikumukaniza kuika zinthu mwachisawawa, analira sabata yonse.

Tibwerere kwa ine. Kuwerengera kwathu timapangira mu pulogalamu yowerengera deta yotchedwa R. Pa makina akale panali R 3.5.1 ya 2018 imene sindinaigwirepo chiikireni, osati chifukwa cha nzeru ayi, ulesi chabe komanso kuumira bandulo. Nditafomata ndinangopita pa CRAN, webusaiti yotengerapo R, kukatenga yatsopano, ya 4 point chakuti, chifukwa ndani amakafuna chinthu chakale dala. Ma package onse kuikanso, ena anakana mpaka nditaika Rtools. Kuthamangitsa sikiripiti yathu, inaima pa mzere umene umafunsa levels, ndiye kuti mndandanda wa matiritimenti, yankho likubwera NULL, kutanthauza palibe kanthu. Iyi ndinaigwira msanga, kuyambira R 4.0.0 ya mu Epulo 2020 read.csv, lamulo lowerengera fayilo ya deta, siisandutsanso mawu kukhala magulu (factor) payokha, stringsAsFactors inakhala FALSE. Ndinakonza mzere umodzi, sikiripiti inayenda mpaka kumapeto popanda kufiira kulikonse, matebulo atuluka, ma graph atuluka okongola kuposa kale. Ndinadzigunda pachifuwa. Ndinapita kukadya chips cha pachiwaya ndi mazira awiri ngati munthu wolandira malipiro.

Lachinayi mmawa ndinatumiza kwa a Dokotala, abwana anga. Sipanathe ola anandiitana. Iwowo sakalipa, ndi aja amangovula magalasi nkukuyang'ana. Anati, achimwene, takhalani pansi, munda uja munapitako chaka chino? Ndinati eya a Dokotala, ndinakolola nawo. Anati nanga puloti yopanda feteleza ija imene chimanga chake chinali chachikasu chofika mchiuno, yakolola bwanji kuposa ya NPK ndi Urea? Mwapeza mankhwala otani amene dziko lonse likuwasowa?

Kuyang'ana tebulo lija zoonadi, control, ija yopanda feteleza, ili pamwamba, tiritimenti ya feteleza wokwanira pambuyo pa nandolo imene chaka chilichonse imatsogola ili pakatikati, ndipo kusiyana konse kumene takhala tikukuona zaka zonsezi kwasungunuka, ANOVA, mayeso oona ngati matiritimenti akusiyanadi, ikuti palibe chosiyana. Ine thukuta kamukamu, ndi kutentha kwa mu Okutobala kuja ndiye zinangokumana. Ndinayamba kukayikira anyamata amene anayeza zokolola, kenako chinyezi kuti mwina sitinabweze bwino ku 12.5%, kenako sikelo ija. Ndinatsegula Excel kuona manambala a puloti iliyonse, onse ali bwinobwino ofanana ndi a mu kope la kumunda. Puloti 14 yakolola pang'ono monga ndinaionera ndi maso angawa. Koma mu tebulo la R puloti 14 yalembedwa kuti ndi ya feteleza wokwanira.

Ndi pamene ndinatsegula sikiripiti kuyambira pamwamba penipeni, mbali imene sindinaiwerengepo zaka zambiri chifukwa inkangoyenda. Mu 2018 pokonza munda tinachita randomisation mu R momwemo, set.seed kenako sample, kuti matiritimenti agwere mmapuloti mwamaere. Vuto ndi loti mapu amene anatulukawo sitinawasunge ngati fayilo payokha. Sikiripiti inkachitanso maere aja nthawi iliyonse ukaithamangitsa, ndipo poti seed, nambala imene maerewo amayambira, ndi yomweyo zotsatira zinkabwera zomwezo, kenako nkulumikiza ndi zokolola potengera nambala ya puloti. Tinkaona ngati nzanzeru kwambiri, fayilo imodzi yochita zonse. Amene analemba mbali imeneyo ndine ndemwe, ndisanamizire amene anachoka.

Chimene sindinkadziwa nchoti mu R 3.6.0, ya mu Epulo 2019, anasintha njira imene sample imasankhira manambala. Njira yakale, imene pano amaitcha Rounding, inkakondera pang'ono ukamasankha pa gulu lalikulu kwambiri, ndiye anaika ina yotchedwa Rejection kuti ikhale yoyambira. Anachita bwino, ndipo anazilemba poyera mu NEWS, fayilo yolengeza zosintha za R, ine ndi amene sindinawerenge. Koma zotsatira zake nzoti seed yomweyo, sikiripiti yomweyo, R yatsopano imakupatsa maere ena. Palibe error, palibe warning, palibe chofiira. Matiritimenti anangosinthana mipando mwakachetechete ngati ana asukulu aphunzitsi akatuluka, zokolola za puloti yanjala zikupita kwa tiritimenti yokhuta.

Kukonza kwake nkochititsa manyazi kufupika. Mzere umodzi pamwamba pa set.seed, RNGkind(sample.kind = "Rounding"), kapena RNGversion("3.5.0"), R imakuchenjeza kuti ukugwiritsa ntchito sampler yokondera koma imakubwezera maere akale aja. Ndinathamangitsanso, puloti 14 yabwerera kukhala control, tebulo layambanso kuoneka ngati munda umene ndimaudziwa. Koma a Dokotala sanakhutire ndi zimenezo ndipo ndikuwamvetsa. Anati kompyuta yakunamizani kamodzi, mukuikhulupiriranso chifukwa chiyani. Loweruka lotsatira ndinakwera njinga ya kabaza kuchokera pa Mitundu mpaka kumunda, ndi pepala mmanja, kuyenda puloti ndi puloti kuwerenga zikwangwani zimene dzuwa linafufuta kale, pena kufunsa bambo amene amatiyang'anira mundawo. Iwo sanafune ngakhale pepala langa, amangoloza ndi ndodo kuti apa mpa nandolo, apa mposathira, apa chaka chatha panali soya, onse 32 pamtima. Zinagwirizana ndi mapu a Rounding aja ndendende. Pano mapuwo ali mu CSV yawoyawo, ena ndinapulinta nkumata kukhoma, ndipo sample ndinaichotsamo mu sikiripiti yowerengera.

Chimene chimandidzutsa usiku mpaka pano ndi ichi, ife tinapulumuka chifukwa cholakwikacho chinali chachikulu moti munthu wodziwa munda anachiona ndi diso limodzi. Zikanakhala kuti maere atsopano aja anangosinthanitsa matiritimenti ofananirako, soya ndi mtedza mwachitsanzo, lipoti likanapita, likanawerengedwa pa msonkhano, mwina mlangizi wina akanakauza alimi zinthu zochokera pa tebulo losokonekera. Ndipo si randomisation yokha, aliyense amene amagwiritsa ntchito sample posankha midzi kapena mabanja a survey, kugawa deta ya training ndi testing, bootstrap, ngati sikiripiti yake inalembedwa isanafike 2019 ndipo akuyembekezera kuti seed imubwezera zomwezo, ayambe wayang'ana.

Kanthu kena kachete komweko ndinakapeza sabata yomweyo. Mnyamata wa ku Malangalanga uja poika Windows anangodina Next Next, region inatsala United States, ndiye Excel potsegula CSV ya masiku obzala ndi okolola inawerenga 06/05 ngati 5 Juni mmalo mwa 6 Meyi, pomwe masiku opitirira 12 inangowasiya ngati mawu wamba. Kolamu imodzi, theka madeti olakwika theka si madeti nkomwe. Iyinso siilira. Ndinasintha region, ndipo madeti onse pano ndikulemba chaka kutsogolo, 2025-05-06, amene akuti zikuoneka zachilendo azolowera.

Ndiye pali gogo wathu wa ku labu. Ndi desktop yakale ya Windows 7 imene imayendetsa spectrophotometer yoyezera phosphorous mu dothi, pulogalamu yake imafuna ka dongle kobaya kumbuyo ndipo kampani imene inapanga makinawo inasiya kalekale kutulutsa ma driver a mtundu umenewo. Windows 7 inasiya kulandira ma apudeti pa 14 Januwale 2020. Mnyamata wina wa IT atabwera kudzazungulira anati iyi ndiye ichoke, ndi ngozi. Ndinamuuza kuti mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo, ukaichotsa iyi ugulenso makina onse oyezerawo, ndalama yake uitenga kuti. Pa nkhani ya chitetezo akunena zoona, sindikutsutsa, makina opanda ma apudeti ukawaika pa intaneti ndi khomo losatseka. Tinagwirizana pakati, gogoyo sakhudza netiweki, kebulo tinazula, fulashi yololedwa ndi imodzi yokha imene imakhala mu drowa ndipo imasikanidwa pa makina ena isanalowe, komanso tinajambula disk yonse kuisunga pa hard drive ina kuti tsiku limene idzagone tidzaidzutsire pa makina ena kapena mu virtual machine. Pamwamba pake ndinamata pepala lolemba ndi marker kuti OSACHAJIRA FONI PANO, chifukwa ndinapezapo kale wina atabaya foni yake.

Kwa amene makina awo akanidwa ndi Windows 11, kapena ali pakati pa thesis, maganizo anga ndi oti musathamange. Windows 10 siinazime pa 14 Okutobala paja, imayaka bwinobwino, chimene chinatha ndi ma apudeti aulere achizolowezi, ndipo Microsoft inatsegula ndondomeko ya ESU yoti anthu wamba alandirebe zigamba za chitetezo mpaka Okutobala 2026. Malizani kaye analysis, dipuloma ilowe mthumba, kukweza kudzabwere pambuyo. Zija zolambalala TPM ndi ka fulashi kokonzedwa mwapadera ndikudziwa kuti anyamata mtauni akupanga ndipo zimayenda, koma pa makina a ntchito ine ayi, chifukwa eni ake ananena kale kuti makina oterowo sakuwalonjeza ma apudeti, ndiye udzadzuke tsiku lina uli pakati pa mtsinje. Anzathu opanga mapu ndi ArcMap nawonso nkhani ndi yomweyi mwa mtundu wina, ma sikiripiti awo ndi a Python 2.7 imene inatha 2020, kusamukira ku ArcGIS Pro kapena QGIS ndi kulembanso zinthu, si kungodina Install.

Chimene ndikupanga tsopano ndisanagwire makina alionse a mu ofesi, ndipo atsala atatu oti akwezedwe, ndi kutenga deta ya chaka chatha imene yankho lake tikulidziwa kale, kuithamangitsa pa makina akale, kusunga zotuluka, ndiye kuithamangitsanso pa atsopano nkufananiza nambala ndi nambala mpaka kumadesimo. Pulogalamu kungotseguka sindikuwerengeranso ngati umboni. Pansi pa lipoti lililonse ndikumata zotuluka za sessionInfo() kuti zidziwike kuti ndi R iti ndi ma package ati, pulojekiti iliyonse ili ndi renv yake yosunga ma version a ma package, ndipo R 3.5.1 ija ndinakaitenganso pa CRAN pomwe amasunga zakale, ikukhala limodzi ndi yatsopanoyo pa laputopu imodzi popanda kukangana. Ndinagulanso kope la hardcover la ma layisensi, ma COM port ndi ma installer, mnzanga wa mu ofesi uja akuti ndakalamba.

Lipoti linapita mochedwa ndi masiku 9. A Dokotala sanatchulenso nkhaniyi mpaka tsiku lomwe tinapita kukapima mizere yobzala, atafika pa puloti 14 anaima nkuitana bambo oyang'anira munda aja, amvekere bambo, iyi muziisamala bwino, ndi imene inatipatsa zokolola zambiri chaka chino malinga ndi achimwenewa. Bambo aja anandiyang'ana, anayang'ana dothi lija, nkufunsa ngati ndinali bwinobwino tsiku limenelo. Batire la laputopu lija sindinagulebe, ndikulemba izi chaja ili kukhoma ndipo ndikusunga pakatha ndime iliyonse.